Phiri la Soche, Nkhalango ya Khulubvi ndi Ana Athu a ku Yunivesite



Ine amene ndikulankhula nanu usiku uno ndimakhala ku Chitawira, mu mzinda wa Blantyre. Ndikatsekula chitseko m'maŵa, choyamba kundilonjera ndi phiri la Soche. Ndaliyang'ana phiri limeneli zaka zochuluka, ndipo ndikukumbukira nthaŵi imene linali lovala. Lero lili ngati mutu wa namfedwa wometedwa kumene, ndipo m'nthiti mwake muli mabala amene lidatsala nawo m'chaka cha 2023. Za mabalawo ndibwererako.

Chimene chandibweretsa pano ndi dandaulo la mnansi wanga, munthu amene timapemphana naye moto ndi mchere. Mwana wake wamkazi adasankhidwa kupita ku Yunivesite ya Malaŵi ku Zomba, ndipo tonse oyandikana nawo tidakondwa, amayi nkululutira. Bambo ake ankayembekeza kuti mwanayo adzatuluka loya, kapena wosunga chuma pa kampani yaikulu. Tsono atabwera patchuthi, mwanayo adauza makolo ake kuti mtima wake wagwa pa maphunziro a zaumulungu ndi zipembedzo, makamaka pa nkhani ya akachisi a mvula a makolo athu ndi nkhalango zoŵazungulira.

Mnansi wangayo adafika kwathu madzulo, nkhope itagwa. "Achimwene," adatero, "ine ndadzimana zaka zonsezi kuti mwana akaphunzire za mizimu? Za mizimu akadakazimva kwaulere kwa agogo ake kumudzi. Nanga zimenezi n'zodyera nsima?"

Tsiku limenelo ndidangoŵapatsa tiyi, osaŵayankha zogwira mtima. Ndiŵayankhe lero inu nonse mukumva, pakuti funso lawo si lawo okha.

Ndiyambe ndi kukumbutsa anzanga a ku Chitawira kuti Yunivesite tikunenayi idabadwira pakhomo pathu pomwe. Chancellor College idatsekulidwa m'chaka cha 1965 ku Chichiri, mtunda woti munthu amayenda wapansi kuchokera kuno. Idasamukira ku Zomba m'chaka cha 1973, nitengana ndi Soche Hill College imene inkasula aphunzitsi. Kuyambira 2021 koleji ya ku Zombayo ndiyo idatsala ndi dzina lakuti Yunivesite ya Malaŵi.

M'zaka zoyamba za m'ma 1970 kumeneko kunkaphunzitsa wansembe wa Chikatolika wochokera ku Holland, Bambo Matthew Schoffeleers, wa chipani cha Montfort. Iwoŵa adafika m'dziko muno m'chaka cha 1955, nakatumikira ku Chigwa cha Shire. Kumeneko adapeza Amang'anja akutchula dzina la Mbona paliponse pamene mvula yavuta. M'malo mongonyoza, monga ankachitira ambiri nthaŵi imeneyo, iwo adakhala pamphasa namvetsera. Zimene adamva zidaŵatengera moyo wawo wonse kuzilemba. M'chaka cha 1979 adasonkhanitsa zolemba za akatswiri angapo m'buku lotchedwa Guardians of the Land, ndiye kuti alonda a dziko, ndipo m'chaka cha 1992 adatulutsa lina lonena za Mbona yekha, lotchedwa River of Blood.

Kodi adapeza chiyani? Ndiyese kuchinena m'mawu anga. Adapeza kuti kachisi wa mvula sadali malo opemphera chabe. Adalinso bwalo la malamulo a nthaka. Kumeneko ndiko kunkachokera mawu onena za nthaŵi yotentha tchire, nthaŵi yodzala, malo osayenera kulimidwa, dziŵe losayenera kuphedwamo nsomba. Zimene lero tidazigaŵa m'maofesi osiyanasiyana, a zankhalango uko, a zaulimi uko, a zanyama uko, makolo athu adazimanga mtolo umodzi, nausungitsa kwa anthu a kukachisi. Ndipo mtolowo adaumanga ndi luzi lolimba kuposa chindapusa cha kukhoti, pakuti wophwanya lamulo ankaopa kuti amanitsa mudzi wonse mvula.

Amene mudafikako ku Nsanje mukudziŵa Khulubvi. Mbiri ya Mbona imasimbidwa mosiyanasiyana, koma ambiri amagwirizana pa izi: adali munthu woitana mvula, adani ake adamthamangitsa mpaka kumupha, mwazi wake udasanduka mtsinje, ndipo mutu wake udaikidwa m'nkhalango ya Khulubvi, m'mene muli kachisi wake mpaka lero. M'nkhalangomo simudulidwa mtengo, simuphedwa nyama. Wina akhoza kuseka nkhani ya mwazi wosanduka mtsinje. Aseke ndithu. Koma akatha kuseka ayang'ane dziko lozungulira m'mene layerera, ayang'anenso kankhalango kameneko m'mene kaŵiririra, opanda waya, opanda mlonda wamfuti. Pamenepo pali chinthu choyenera kuchifunsa, ndipo kufunsa ndiyo ntchito ya yunivesite. M'chaka cha 2011 dziko lathu lidalembetsa Khulubvi pa mndandanda wa malo amene likufuna kuti bungwe la UNESCO lidzaŵavomereze kukhala chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi.

Inu a m'Chigawo cha Pakati muli ndi zanu. Ku Msinja, m'boma la Lilongwe, kunali Makeŵana, mayi wa ana onse, mkazi wotumikira Chisumphi. Sankameta tsitsi lake, poti kutero kukadakhala kumeta mvula. Kachisi wakeyo adasokonezeka ndi nkhondo za m'zaka za m'ma 1800, koma dzina lake silidafe. Pafupi pomwepo, m'mapiri a Dzalanyama, ndipo pali Kaphirintiŵa, pamene Acheŵa amati anthu oyamba adatsikira pamodzi ndi Chauta ndi nyama zonse, mvula ili kugwa, nasiya mapazi awo pathanthwe.

Nthano ya Kaphirintiŵa ndimaikonda kwambiri, ndipo ndiloleni ndiikhalire pang'ono. Akuti poyambapo Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere. Tsiku lina munthu adatenga timitengo tiŵiri, kena kofeŵa kena kolimba, napeka moto. Adamuchenjeza, koma sadamve. Tchire lidayaka. Galu ndi mbuzi adathaŵira kwa munthu, koma nyama zina zonse zidathaŵira kuthengo zitakwiya, ndipo udani wake ulipobe. Bilimankhwe adakwera mumtengo. Chauta, poona kuti dziko likupsa, adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, ndipo kuyambira pamenepo imfa idaloŵa pakati pa anthu.

Taimvetsani bwino nthano imeneyi. Tchimo loyamba la munthu, monga adalionera Acheŵa, silidali kuba kapena chigololo. Lidali kutentha dziko. Anthu amene sadaŵerengepo buku la sayansi adazindikira kuti luso la munthu likhoza kupirikitsa nyama, nkupirikitsanso Mulungu amene. Ndipo n'zomvetsa chisoni kuti Dzalanyama yemweyo, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene likulu lathu limamwa, ndiye wakhala akufuka utsi wa mauvuni a makala zaka zambiri tsopano. Tikupekabe moto pamalo pomwe paja.

Amene adatsata mapazi a Bambo Schoffeleers ku Zomba sadali azungu okha. Malemu Bambo Joseph Chakanza adaphunzitsa za chipembedzo cha makolo zaka zambiri, nasonkhanitsanso miyambi yathu zikwi ziŵiri m'buku limodzi. M'zaka za m'ma 1990 nthambi ya zaumulungu ndi zipembedzo idayamba kusindikiza mabuku ake pa dzina la Kachere, mtengo uja timakambirana milandu patsinde pake, ndipo mwa mabukuwo muli la Bambo van Breugel lonena za chipembedzo cha Acheŵa, lotuluka m'chaka cha 2001. Koma amene ndikufuna mnansi wanga amve dzina lawo ndi Mayi Isabel Apawo Phiri. Iwoŵa adaphunzitsa mu nthambi yomweyo, ndipo m'chaka cha 1996 adalemba za chipembedzo cha Chisumphi ndi udindo wa amayi posamala chilengedwe, m'buku limene lidaŵerengedwa maiko ambiri. Pambuyo pake adakakhala mmodzi wa akuluakulu a bungwe la mipingo ya pa dziko lonse ku Geneva. Achimwene, mwana wamkazi wa ku Malaŵi kuno, nkhani yake ya Makeŵana yomweyi. Nsima adadya.

Ena mukuti zonsezi n'zakale. Tsono yang'anani pawindo la basi pamene mukuyenda pakati pa Dedza ndi Kasungu m'chilimwe. Minda ili mbee mbali zonse, koma apa ndi apo mukuona kachitsamba ka mitengo yachilengedwe, yaitali, yobiriŵira. Simufunsa kuti n'chiyani. Mukudziŵa kuti ndi manda. M'midzi yambiri mitengo yakale yatsala kumanda ndi kudambwe kokha. Nkhwangwa imene sidaope lamulo la boma idaopa akufa. Ndiponso ku Salima, pa chilumba cha Mbenje, m'dera la Mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa miyezi ya mvula chaka chilichonse, nutsekulidwa ndi mwambo wokumbukira mizimu ya makolo, ndipo asodzi amamvera. Zimenezi si zakale, n'za lero lomwe.

Komatu ndisakunamizeni, ngati kuti zonse za makolo zidali uchi wokhawokha. Pano ndi pamene maphunziro a ku yunivesite amasiyana ndi kucheza kwa pamoto kwa agogo. Wophunzira weniweni amafunsanso mafunso oŵaŵa. Kodi nkhalango zidasungika chifukwa cha mwambo wokha, kapena chifukwa anthu adali ochepa ndipo misika ya makala kunalibe? Kodi mafumu ena sadagwiritse ntchito kachisi pofuna kulimbitsa mipando yawo? Ndipo chikhulupiriro chomwecho chakuti mvula imamva makhalidwe a anthu chili ndi msana wake woipa: mpaka lero, mvula ikachedwa, kumamveka nkhalamba zikuzunzidwa poziganizira kuti zamanga mvula. Mwana amene waphunzira bwino adzadziŵa kulekanitsa mankhusu ndi mphale, ndipo akadzaima pamaso pa mudzi wokwiya adzakhala ndi mawu oteteza gogo wosalakwa.

Palinso nkhani ina yophunzitsa. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda lidakakamiza alimi kuunda mizere ndi migula poti likuteteza nthaka, ndipo okana ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Ku Chigwa cha Shire anthu adaitcha nkhondo ya mitumbira, ndipo a kwa Mbona adaima pamodzi ndi okanawo. Kodi adalakwa ndani? Pa dziko lathyathyathya ndi lotentha la kuchigwa, alimi adali ndi zifukwa zawo zomveka. Pa mtsetse ngati wa Soche, mgula ndiwo umagwira dothi. Alangizi adadza ndi nzeru imodzi ya dziko lonse ndi chikoti kumanja, osafunsa eni nthaka chimene amakhulupirira. Zotsatira zake, kwa zaka zambiri mawu akuti kusamala nthaka adanunkha utsamunda m'mphuno za anthu. Safunsa adadya phula.

Si ife tokha amene tikulingalira zimenezi. M'chaka cha 1967 katswiri wa mbiri yakale wa ku America, Lynn White, adalemba nkhani yoimba mlandu Chikhristu cha kwawo kuti chidaphunzitsa anthu kuona dziko ngati kapolo wawo. Ambiri adamtsutsa, nakumbutsa kuti m'buku la Genesis munthu adaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusunga, osati kuumeta. Koma mtsutsowo udabala zipatso. Pakati pa 1996 ndi 1998 yunivesite ya Harvard idachititsa misonkhano yotsatizana yofufuza zimene chipembedzo chilichonse chachikulu chimaphunzitsa pa za chilengedwe, ndipo lero phunziro limeneli lili ndi aphunzitsi ake m'mayunivesite ambiri. M'chaka cha 2015 Papa Francis adalemba kalata yake yotchuka ya Laudato Si' pa nkhani yomweyi. Abale athu Achisilamu nawo amaphunzitsa kuti munthu ndi khalifa, wosungitsidwa dziko, amene adzafunsidwa za m'mene adalisungira.

Koma chitsanzo chondigwira mtima chili pafupi, ku Masvingo m'dziko la Zimbabwe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mphunzitsi wa zaumulungu Marthinus Daneel adagwirizana ndi mafumu, olankhula m'malo mwa mizimu, ndi atsogoleri a mipingo ya Chiziyoni ndi Chipostoli, nayambitsa chimene adachitcha nkhondo ya mitengo. A zamakolo ankadzala mitengo ndi mwambo wawo, a mipingo ndi mwambo wawo. M'mipingomo munthu asanalandire Mgonero ankaulula poyera tchimo lodula mitengo mosabwezera, ndipo ankachoka paguwa atanyamula mbande. Palibe amene adasiya chikhulupiriro chake kuti atsate cha mnzake, koma dothi lidali limodzi.

Tsono tibwerere ku Soche.

Namondwe wa Freddy adayambira kutali, kufupi ndi Australia, m'mwezi wa Febuluwale 2023, nayenda panyanja masiku oposa 30. Atafika kuno mvula idagwa usana ndi usiku osakata. Usiku wa pa 12 ndi m'maŵa wa pa 13 Malichi phiri lidatsika. Matope, miyala ikuluikulu ngati nyumba, ndi madzi, zidakokolola makomo a abale athu a ku Chilobwe ndi ena okhala m'mphepete mwa phirilo. M'dziko lonse anthu oposa 600 adatsimikizika kuti adamwalira, ndipo mazana ena sadapezeke konse. Ife a ku Chitawira tidapulumuka chifukwa chokhala patali pang'ono, osati chifukwa cha nzeru kapena chilungamo chathu. Tidaona anzathu akukumba matope ndi makasu, ena ndi manja, kufunafuna ana awo.

M'masiku amenewo ndidamva mawu aŵiri m'misewu. Ophunzira ankati kusintha kwa nyengo ndi kutha kwa mitengo. Akuluakulu ankanong'ona kuti Napolo wadutsa. Ine sindikuona kuti mawu aŵiriŵa ayenera kumenyana. Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chimati chikamasamuka chimang'amba nthaka, adamtchula ku Zomba m'chaka cha 1946, adamtchulanso ku Phalombe m'chaka cha 1991, ndipo malemu Steve Chimombo, mphunzitsi wa ku Chancellor College komweko, adamuika m'ndakatulo zake. Kaya chinjokacho chilipo kaya kulibe, nkhani yake idasunga chikumbumtima chofunika: kuti phiri limayenda, kuti lili ndi njira zake, ndi kuti panjira ya Napolo samangapo nyumba. Mawu a akulu akoma akagonera. Ndinenenso poyera kuti mvula ya Freddy idali yoti ngakhale mapiri ovala adagumuka m'malo ena. Mitengo siikadaletsa zonse. Koma phiri lometedwa, lolimidwa mpaka pamwamba, lokumbidwa maziko a nyumba m'makwaŵa mwake, lidalibe chogwirira.

Ndipo pano pali chodabwitsa chimene chimandisoŵetsa tulo. Soche si phiri losoŵa mapemphero. Pafupifupi usiku uliwonse kumakwera anthu okasala kudya ndi kupemphera, ndipo mphepo ikaomba bwino nyimbo zawo zimamveka mpaka kunsi kuno. Chimodzimodzi ku Ndirande, phiri limene nkhalango yake idatha m'zaka za m'ma 1990 tonse tikuona. Kunena zoona mapiri a Blantyre amamva dzina la Mulungu kaŵirikaŵiri kuposa Khulubvi. Nanga bwanji Khulubvi ali chiŵiririre, pamene Soche ali mbulanda? Timakwera phiri kukafuna Mulungu, tigwada pakati pa zitsa, ndipo sitiona kuti chilipo chalakwika. Timapempha ntchito, banja, machiritso, ulendo wa ku Joni. Phiri lenilenilo palibe amene amalipempherera, kapena kulibwezera kambande kamodzi.

Sindikunena kuti timange kachisi wa Mbona pa Soche. Sizingatheke, ndipo sindikuzifuna. Ine ndine Mkhristu. M'tauni muno tidasonkhana Alomwe, Ayao, Angoni, Asena, Atumbuka, Amang'anja ndi ena, aliyense ndi mpingo wake kapena mzikiti wake, ndipo manda a makolo athu ali kutali. Palibe mwini dziko mmodzi amene mawu ake onse angaŵaope. Sindikunenanso kuti tiloze chala mayi wosenza nkhuni kapena mnyamata wokankha njinga ya makala. Makalawo amathera pa mbaula yanga ndi yanu, makamaka magetsi akathima. Amene adamanga m'khwaŵa sadamange chifukwa chokonda imfa; lendi ya kunsi idaŵakanika.

Funso lake ndi ili: kodi n'chiyani chingapangitse phiri la m'tauni kukhala loopedwa ndi lokondedwa, pakati pa anthu a zikhulupiriro zambiri ndi matumba opanda kanthu? Wa zankhalango adzatiuza mtengo woyenera kudzala. Injiniya adzatiuza pamene madzi adzadzere. Koma chaka ndi chaka timadzala mitengo nyengo ya mvula, atolankhani najambula, ndipo pofika Okutobala yambiri yapsa kapena yadyedwa ndi mbuzi, chifukwa palibe amene amaiona ngati yake kapena ngati yopatulika. Kudzala tidakudziŵa, chimene chidatitayika ndi chija chimagwira dzanja la munthu nkhwangwa ili kale m'mwamba. Amene angatithandize kuchifunafuna ndi munthu wodziŵa Baibulo ndi Korani, wodziŵanso Khulubvi ndi Msinja, wotha kukhala pansi ndi abusa, mashehe, mafumu a m'tauni ndi a khonsolo, aliyense nkumulankhula m'chinenero cha mtima wake. Anthu otere sagwa kumwamba. Amasulidwa ku Zomba, ku Mzuzu, ku Nguludi ndi m'masukulu ena a zaumulungu, ndipo ine ndikadakonda kuti aphunzitsi awo aziŵatulutsa m'kalasi kaŵirikaŵiri, akaponde matope a Chilobwe asanalembe mayeso otsiriza.

Dzana mwana wa mnansi wanga uja adabwera kudzandifunsa mafunso, kope lili m'manja. Adafuna kudziŵa mitengo imene inali pa Soche kale, ndi kumene tinkatunga madzi. Ndidatchula imene ndidaikumbukira, masuku, msuku ndi mnzake muwanga, ndipo ndidachita manyazi kuona kuti maina ena andithaŵa. Adandiuza kuti Loŵeruka likudzali akwera phiri kukacheza ndi magulu opemphera, akaŵafunse chimene phirilo limatanthauza kwa iwo. Bambo ake, amene adali chikhalire pakhonde ngati sakumva, adayankhira pomwepo kuti mwana wamkazi sangakwere yekha, njira idaonongeka ndi madzi aja, amperekeza okha. Adawonjeza kuti popeza akupita, akafunsenso oswa miyala ndi otola nkhuni, asakangomva za opemphera okha. Kenaka adatembenukira kwa ine nandibwereka ndodo yanga yoyendera.